Timibulu ta pa mwendo wa achemwali

Chaka cha njala chija, munthu amene ankaseketsa mudzi wathu wonse kwa Nsamala anali achemwali anga aakulu, chonsecho odwala anali iwowo. Zaka ziwiri m'mbuyomo anawadula kachilonda kakuda kuphazi, pafupi ndi chidendene. Kuchipatala anati ndi khansa ya pakhungu, ndipo anawauza kuti aziyang'anitsitsa chipseracho chifukwa matendawa amakonda kubwerera pomwe anachoka.

Anabwereradi, nthawi imene tinkagonera mango aawisi ophika ndi phala la madeya. Tikutsuka miyendo kuchitsime, achemwali anandikodola kuti ndione. M'mbali mwa chipsera munali timibulu titatu takuda ngati nthanga za papaya, kena kali pamwamba pa kakolo. Iwo anaseka, amvekere munda wawakana chaka chino koma mwendo wokha ndiwo wabereka.

M'mawa mwake tinabwereka njinga ya alamu nkuuyamba wa kuchipatala, ine wopalasa, iwo pakaliyala. M'mimba munalibe kanthu, ndiye msewu unkangozungulira m'maso mwanga. Tinagwera m'ngalande kawiri. Kachiwiriko tinalephera kudzuka chifukwa cha phwete, miyendo ili m'mwamba, gudumu likuzungulira lokha. Abambo ena odutsa anafunsa ngati talawa kachasu m'mawa womwe uno. Achemwali anavomera, nkuwapempha kuti atigulireko wina.

Adokotala anali mayi wamfupi wosaseka. Anayamba kusinika mwendo kuchokera kuphazi, kuseri kwa bondo, mpaka mphechepeche, ndipo achemwali, poti ankanyerenyetseka msanga, ankangodzipinda ndi chikhakhali mpaka adokotalawo anagonja nkumwetulira. Kenako anatifotokozera mosabisa. Timibulu tikakhala pakhungu pokha, pafupi ndi chipsera, amatha kutidula munthu nkukhalabe ndi moyo kwa nthawi ndithu. Koma timakonda kukwera mwendo pang'onopang'ono, ndipo tsiku limene m'mphechepeche mudzatuluke mwanabere wolimba, wosapweteka, ndiye kuti matenda alowa mkati momwe mpeni sufika.

Achemwali anamvetsera zonsezo akugwedeza mutu.

"Ndiye mundigoneka masiku angati, adokotala? Ndamva kuti kuno mumapatsa nyemba."

Anawadula timibuluto, ndipo anagona sabata yathunthu. Mbale ikabwera ankadya theka, theka lina nkundipatsira pawindo, ine ndili pansi pa mtengo pomwe tinkakhala odikirira odwala. Tsiku lowatulutsa anauza anamwino kuti akumvabe chizungulire, mwina aonjezereko masiku awiri. Wodi yonse inafa nako kuseka.

M'nyengo yozizira timibulu tina tinatuluka pamwamba pa bondo, anatidulanso. Chaka chotsatira, tikusola nandolo pakhonde, achemwali anandigwira dzanja nkuliika pomwe adokotala ananena paja. Panali polimba ngati mwala. Ndinafuna kulira koma anandiletsa.

"Iyayi, mayi. Nandoloyu asanyowe."

Ulendo uno kuchipatala anangowapatsa mankhwala ochepetsa ululu. Achemwali anafulumizitsa ukwati wa mwana wawo wamkazi, amene anapeza mwamuna wa ku Nselema, ndipo tsikulo anavina ali pampando, mapewa okhaokha, azimayi atawazungulira ndi nthungululu. Anamwalira mvula ili mkati, chimanga chitamasula ngaiyaye. Mwendo wodwalawo ndinausambitsa ndine, ndipo ndinawakulunga m'chitenje chomwe anavala paukwati.