Chithunzi cha Amayi Chopanda Nkhope

Linali Loweruka, dzuwa litapendeka, pamene bambo anga anafika pamudzi pathu kufupi ndi Mitundu atasenza sutikesi ya malata. Basi anatsikira pa Nathenje, kwawo kumene anabadwira, kwinako n'kuyenda pansi. Inali nyengo ya masika. Mudzi wonse unkanunkha utsi wa nkhuni zaziwisi zofukizira fodya m'zigafa, ndipo mpaka lero ndikamva fungo limenelo ndimaona munthu wamtali wa chipewa akudutsa pakati pa nkhokwe. Ine mano akutsogolo anali atangoguluka kumene. Sindinawadziwe, chifukwa ku Kepetauni anapita ndili kumsana.

Bambo anali mkamwini pamudzi pa amayi, ndipo mawu aakulu m'banja mwathu anali a atsibweni, mlongo wawo wa amayi. Amuna ena akachoka kuulendo ankabwera ndi njinga kapena makina osokera. Koma sutikesi ya bambo itatsegulidwa munali bulangete, nsalu ya amayi, kadiresi kanga, ndi kabokosi kakuda kokhala ndi diso lagalasi kutsogolo.

"Alamu, njinga ikubwera m'mbuyo?" anafunsa atsibweni.

"Iyi ndi kamera, alamu. Imajambula zithunzi."

"Chabwino. Tiona ngati fodya angakwerepo popita kumsika."

Anthu anaseka, bambo nawo n'kuseka pang'ono. Anafotokoza kuti ankaphikira mzungu wina m'mbali mwa nyanja yamchere. Mzunguyo ankadzuka mbandakucha kukajambula madzi dzuwa likamatuluka, madzulo n'kubwereranso likamalowa, bambo atamunyamulira katundu. Ankati nthawi imeneyo nyanja yonse imayaka ngati makala. Pochoka, mzunguyo anawapatsa kamera yake yakale.

Kwathu kunalibe nyanja. Kunali dambo lalikulu kumunsi kwa mudzi, limene chaka chimenecho linasunga madzi mpaka nyengo yozizira. Bambo anayamba kulawirira kumeneko, ine n'kumanditenga. Ndimakumbukira mame akundinyowetsa mpaka m'chiuno, nkhungu itagona pamwamba pa madzi, akakowa atayima ndi mwendo umodzi. Bambo ankayima nthawi yaitali, kamera ili pamimba, mutu atauweramitsa, kudikira kuti kum'mawa kufiire. Amuna anzawo anali ali kale m'zigafa. Azimayi opita kukatunga madzi ankadutsa atatseka pakamwa ndi nsalu, ndipo tsiku lina mmodzi anafuulira bambo kuti, "Aphiri, achulewo mwawauza kuti amwetulire?" Kuyambira pamenepo ndinkayenda patali kumbuyo kwawo, ngati kuti ndikupita kwina.

Filimu ili pafupi kutha, amayi anawapempha kuti ajambule banja lonse, mwina anthu angaone kuti kabokosiko kali ndi ntchito. Tsikulo tinasamba m'mawa. Amayi anandidzoza mafuta a nsatsi mpaka miyendo kunyezimira, iwo n'kuvala nsalu yawo yatsopano ndi mikanda. Atsibweni anayenda mtunda kukabwereka jekete kwa mnzawo. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anali atajambulidwapo. Dzuwa lili pamutu tonse tinali titakonzeka pakhonde, koma bambo anati tidikire, kuwala kwabwino sikunafike. Tinadikira. Ana analira, nkhuku zinalowa m'chimanga chimene chinayanikidwa pamphasa, atsibweni thukuta lili kamukamu m'jekete ya eni ake, koma osaivula.

Dzuwa litatsikira ku mapiri a Dzalanyama, bambo anatitsogolera kudambo. Anatindandalika m'mphepete mwa madzi, dzuwa lili kumsana kwathu, iwo n'kuyima moliyang'ana. Ndinacheuka kamodzi. Madzi onse anali psuu, mabango akuda, thambo ngati moto wa lupsa. "Musagwedere," anatero bambo. Amayi anaika dzanja paphewa panga. Kabokosi kanalira kamodzi, basi.

Filimu inapita ku Lilongwe ndi munthu wopita kukagulitsa fodya, kuti akaitsukitse kusitolo ya Mmwenye. Zithunzi zitabwera, mudzi wonse unasonkhana pakhomo pa atsibweni. Zoyamba zinali za dambo: madzi otuwa, thambo lotuwa, kufiira konse kuja kulibe. Chomaliza chinali chathu. Kumbuyo kunali mbee, koma ife tonse tinali bii ngati zitsa zopserera. Panalibe diso, panalibe mphuno, panalibe mkanda.

Atsibweni anachiyandikiza kumaso, n'kuchitembenuza.

"Alamu, jekete ndinakabwereka ija ili pati?"

Bambo anayamba kutolera zithunzi za dambo zija, koma atsibweni anapitiriza.

"Munakhala zaka zonse zija kuulendo kuti mudzatijambule mizukwa? Tsiku lonse anthu osagwira ntchito! Mlongo wangayu anadikira mwamuna, kwabwera mwana wosewera ndi dzuwa."

Kuseka kunali kwakukulu. Mayi wina wachikulire sanaseke, analavula pansi n'kunena kuti zimenezi ndi malodza. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Amayi anatenga chithunzicho m'manja mwa atsibweni, anachiyang'ana, n'kuloza ndi chala. "Ine ndadziona," anatero motsitsa mawu. "Ndine uyu." Anachikulunga pansonga ya nsalu yawo n'kunyamuka.

Masiku otsatira ana anzanga ankanditcha mwana wa wojambula mizukwa. Ndikafika pachitsime ankayima chilili, manja m'mbali, maso atatsinzina, wina n'kumati, "Musagwedere!" Ndinasiya kupita kudambo. Bambo nawo anasiya. Ankagwira ntchito m'chigafa cha atsibweni osalankhula, ndipo pakudya ankakhala kumapeto kwa mphasa. Mvula isanagwe anamanga sutikesi yawo, nati akukafuna njinga. Amayi ndi ine tinawaperekeza mpaka pamphambano ya njira ya ku Nathenje. Sanabwerenso. Patapita zaka zochepa amayi anadwala chifuwa n'kutisiya, ndipo chithunzi chija ndinachipeza pansi pa nsalu zawo m'dengu.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti bambo anali munthu wopepera amene anatichititsa manyazi pamaso pa mudzi. Sukulu sindinapite nayo patali, koma mdzukulu wanga anandifotokozera kuti dzuwa likakhala kumsana kwa munthu, nkhope imada. Bambo sankadziwa zimenezo, chifukwa mzungu wawo ankajambula madzi okhaokha. Iwo anaona chinthu chokongola kutali, ndipo anafuna kutiimika ifeyo pakati pake. Manyazi amene ndili nawo tsopano ndi a mudzi wathu, ndi a ine ndemwe, kuti panalibe amene anacheuka n'kuwauza kuti dambolo linakongoladi.

Amuna anga anamwalira chaka chatha. Zidzukulu zili ndi zithunzi zawo zambiri m'mafoni, nkhope yooneka bwino mpaka makwinya, koma ndikamaziyang'ana sindiwapezamo. Nkhope ya amayi ndinaiiwala kalekale. Koma pachithunzi chakuda chija ndimawadziwa msanga: khosi lopendekera kumanzere, mfundo ya duku pamwamba pa khutu, dzanja paphewa la kamwana. Umo ndi mmene ankaimira pondidikira madzulo.

Dambo lija anthu analimamo madimba, madzi sakhalitsanso. Komabe dzuwa likamalowa ndimatulutsa mpando kuseri kwa nyumba, chithunzi chili pamiyendo, n'kukhala moyang'ana ku Dzalanyama mpaka kufiira kutatha.