Kalole Kopakidwa Penti ya Boti

Tsiku limene Felizarda anakwirira nsomba zake m'mbali mwa msewu wa ku Lichinga, sanalire. Anabwereka khasu kwa mayi wina wogulitsa nthochi, anakumba dzenje, n'kukhuthuliramo chambo chonse. Shapa, minibasi imene anakwera ku Metangula dzulo lake, inali itafera pa chitunda chokwera ku Maniamba. Ayezi anasungunuka, dzuwa linamaliza zotsalazo. Nsomba zimenezo zinali mpamba wake wonse.

Uku sikunali kugwa kwake koyamba. Mayeso a desima, kalasi yakhumi, anawalemba kawiri, ndipo kawiri konse anagwa. Anzake anapita kukaphunzira unamwino ndi uphunzitsi, iye anatsala ku Nkholongue akuyanika usipa pa thandala. Anthu ena pamudzi ankati mutu wake ndi wa usipa womwewo, waung'ono ndi wouma. Iye ankamva zonsezo.

Mayi ake, a Celina, anali atamwalira iye ali wamng'ono. Anatsala ndi atate ake, a Wiliyamu, mmisiri wokonza ndi kupenta maboti. Atafika kunyumba wopanda nsomba, wopanda ndalama, mkuluyo anangomuyang'ana kumapazi kuli fumbi.

"Zafa ndi nsomba, mama, iwe uli moyo. Kasambe udzadye."

Akudya, Felizarda anayankhula motsitsa mawu.

"Atate, ine ndidzagula galimoto yanga."

"Ehe. Koma uyambe wamaliza chakudyacho."

Anayambiranso pansi penipeni, ndi beseni limodzi la usipa. Analowa shitiki ya amayi a kutchalitchi, kumene aliyense amaponya kangachepe ndipo amalandira mosinthana. Ikafika nthawi yake yolandira, sankagula nsalu ya kapulana yatsopano ngati anzake. Zaka zinadutsa. Mabeseni anasanduka matumba, matumba anachuluka. Analembetsa sukulu yoyendetsa galimoto ku Lichinga, ndipo mayeso a malamulo a pamsewu anagwanso ulendo woyamba. Anabwerera, analoweza zikwangwani akutembenuza usipa padzuwa, ndipo ulendo wachiwiri anatenga karta yake yoyendetsera galimoto.

Ku Metangula kunali makaniko wina dzina lake Cassimo, munthu wa pakamwa posatseka. Ndiye anamuonetsa pafoni timalole ting'onoting'ono ta ku Japani, togwiritsidwa kale ntchito koma tolimba.

"Za kuno zogula kwa munthu zimakhala zitatha kale, mana," anatero Cassimo. "Itanitsani yakunja. Koma ndikuuziretu, kugula galimoto kunja kuli ngati kukwatira kutali. Kumupeza mkazi si ntchito. Ntchito ndi ankhoswe."

Ankhoswewo analidi ambiri. Kalole kanafikira pa doko la Nacala, ndipo kumeneko kunali a alifandega, otolera msonkho wa katundu wolowa m'dziko. Felizarda analipira, anadikira, anaimba foni mpaka khutu linatentha. Pomaliza anamupatsa chikalata chongoyembekezera, chololeza galimotoyo kuyenda mpaka kumapeto kwa mwezi wotsatira. Isanathe nthawi imeneyo, inayenera kukayezedwa ku Lichinga kuti ilandire nambala ndi livireti, kabuku kotsimikiza kuti galimotoyo ndi yovomerezeka pamsewu.

Kalole kanalowa m'Nkholongue koyera ngati kakowa. Mudzi wonse unathamangira. Felizarda atakhotetsa kiyi, kabokosi kena pansi pa chiwongolero kanayankhula Chijapani ndi mawu a mzimayi, ana n'kubalalika akukuwa.

"Mwabwera ndi mlamu osatiuza!" anaseka mayi wina wa shitiki. "Mutulutseni timupatse moni!"

Cassimo anakazungulira kaloleko, akugogoda apa ndi apo. Matayala anati ndi a m'dziko la chisanu, pa chitunda chotentha cha Maniamba akhoza kutha ngati sopo. Anawasintha. Nyali imodzi inkayang'ana kumwamba ngati ikufuna mbalame, anaiwongola. Anamuuza agule matriyangulu awiri oika pamsewu galimoto ikafa, ndi kajekete konyezimira. Atatha zonsezo ananyamuka ulendo wa ku Cuamba ku ukwati wa mchemwali wake, ndipo Felizarda anakwera shapa kupita ku Lichinga kukalipira inshuwalansi ndi kukapempha tsiku loyezetsa. Kalole kanatsala pansi pa mtengo wa mango, pakhomo pa a Wiliyamu.

Tsono kwathu kunyanja kuli mwambo wake. Boti latsopano sililowa m'madzi lisanapakidwe penti, lisanapatsidwe dzina, lisanadalitsidwe. Ndipo mmisiri wodziwa ntchito sasiya chitsulo chili pamtunda, chifukwa chinyezi cha kunyanja chimadya chitsulo ngati chiswe.

A Wiliyamu analibe ndalama yothandizira mwana wawo pa zaka zonsezo, ndipo zimenezi zinkawadya mumtima. Chimene anali nacho ndi manja awo ndi zitini za penti. Felizarda atabwerako, anapeza kalole kali kobiriwira ngati nyanja ya m'mawa, kali ndi mzere wofiira m'mbali monse. Kutsogolo, pamwamba pa galasi, panali dzina lolembedwa mosamala: CELINA.

Mkuluyo anaima pambali, manja ali kumbuyo, ngati mwana woyembekezera zotsatira za mayeso.

"Ndapaka ndi kunsi komwe," anatero. "Pansi pa mipando, paliponse. Dzimbiri silipeza polowera."

Felizarda anagwira dzina la mayi ake ndi chala, penti isanaumitsitse. Misozi imene inakana kutuluka pa msewu wa Maniamba inatuluka tsiku limenelo. Sanaonepo cholakwa chilichonse. Lamulungu abusa anawaza madzi pa kaloleko, amayi anaimba, aliyense anati kakongola.

Ku Lichinga, woyeza magalimoto anali bambo wamfupi wa magalasi. Anawerenga mapepala, anayang'ana galimoto, anawerenganso mapepala.

"Dona, galimoto yoyera ili kuti?"

"Ndi imeneyi, shefi."

"Ili ndi boti. Mwaiwala nkhafi zokha."

Madalaivala amene anali pamzere anaphulika kuseka. Bamboyo anatukula mpando kuti aone nambala ya shasi, imene imadindidwa pa chitsulo cha galimoto kufakitale. Inali itakwiririka ndi penti yochindikala. Pamenepo anasiya nthabwala.

"Mwana wanga, mapepala akunena galimoto yoyera ya nambala yakuti. Ine ndikuona galimoto yobiriwira yopanda nambala. Amene amachita zimenezi kawirikawiri ndi akuba. Inu simukuoneka wakuba, koma sindingasaine chimene maso anga sakuona. Bwerani nayo monga inatsikira m'sitima. Chikalata chanuchi chikatha musanabwere, galimotoyi siyendanso, ndipo ikhoza kugwidwa."

Panja pa geti, mnyamata wina wa jekete lachikopa anamutsatira. Anati ali ndi nambala ya galimoto ina imene inachita ngozi, akhoza kuimangirira lero lomwe, palibe angadziwe. Felizarda anaima kanthawi, chifukwa mwezi unali utapita kale pakati. Kenako anapukusa mutu.

"Ndavutikira chinthu changa. Sindikufuna kumanjenjemera ndikaona wapolisi."

Njira yonse yotsika kunyanja, chimene chinkamulemera sichinali penti. Chinali m'mene akawauzire atate ake. Anawapeza akusoka ukonde wa mnzawo pakhonde. Anakhala pansi, anafotokoza zonse pang'onopang'ono, maso ali pa zala zake.

A Wiliyamu anasiya singano.

"Ndiye kuti ndakuonongera."

"Ayi atate, simunadziwe. Inenso sindinadziwe."

"Ndi dzina lomwe?"

"Lili pa penti yomweyo, atate."

A Wiliyamu anatola singano n'kupitiriza kusoka.

M'mawa mwake Felizarda anadzidzimuka ndi phokoso la kukhwekhweretsa. Atatuluka, anapeza mkuluyo ataima pa mpando, chopalira maboti chili m'manja. Anali atayambira pa dzina. Zilembo ziwiri zinali zitachoka kale.

"Atate, bwenzi mutasiya pamenepo ndichite ine."

"Ndinalemba ndine, ndifufuta ndine. Amako sanali munthu wotsekereza mwana njira. Tenga chinacho uyambe kumbuyo."

Dzuwa lisanakwere, amayi a shitiki anafika ndi nsanza ndi mabeseni. Cassimo atabwera kuchokera ku Cuamba n'kumva nkhaniyi, anagwira mutu, kenako anaseka mpaka anakhala pansi.

"Madala, ndangochokapo pang'ono, mwandisandutsira Japani kukhala Likoma!"

"Iwe, bwera ndi mankhwala ochotsera penti, usiye kulongolola," anatero a Wiliyamu, koma nawonso ankamwetulira.

Cassimo ataona amayi akutapa mchenga, anakuwa: "Inu amayi, mchenga wa kunyanja ayi! Imeneyo si poto!"

Penti ya boti imapangidwa kuti isachoke, ndipo a Wiliyamu anali asanapakepo mwachinyengo pa moyo wawo wonse. Ntchitoyo inawatengera masiku. Zikhatho zinatuluka matuza. Pa nambala ya shasi, Cassimo sanalole chitsulo chilichonse kukhudzapo, kuopa kuti ingaoneke ngati yosemedwa. Anapukuta yekha ndi mswachi wotsukira mano, chilembo ndi chilembo, mpaka zonse zinaoneka. Kenako anapopera penti yoyera ya galimoto pamene panakalika.

Felizarda anafika ku Lichinga chikalata chija chili pafupi kutha. Bambo wa magalasi anatukula mpando, anawerenga, anayesa mabuleki, anayesa nyali. Anasaina.

"Boti lija mwalisiya kuti, dona?"

"Lili kunsi kwa choyerachi, shefi." Kufunsa akuluakulu sikunali chizolowezi chake, koma analimba mtima. "Pepani, ndifunse. Kodi palibe njira yovomerezeka yosinthira mtundu wa galimoto?"

Bamboyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ilipo. Mumapempha kaye, akakulolani mumapaka, ndiye timalemba m'livireti. Kungoti anthu safunsa."

Tsiku lomwelo, nambala yatsopano ili m'manja, Felizarda anaimanso pamzere wina n'kupempha. Sanawauze atate ake. Kalole kanayamba ntchito kali koyera, kakukweza nsomba za amayi a ku Nkholongue m'mamawa n'kufika nazo ku Lichinga ayezi asanasungunuke. Pobwera kankatenga chimanga cha ku Maniamba. Nyengo ya mwera inadutsa, yankho linabwera.

Felizarda anafika kunyumba ndi zitini zatsopano, n'kuziika patsogolo pa mkuluyo.

"Boma lavomera, atate. Kapakeni. Koma Cassimo akuti penti ikhale iyi ya galimoto, ndipo pansi pa mpando musayandikirepo."

A Wiliyamu anatsegula chitini chimodzi, ananunkhiza, anakwinya mphuno.

"Yamadzimadzi. Koma tiyesa." Anamuyang'ana mwana wawo. "Ndi dzina lomwe?"

"Muyambire pa dzina."

Lero mukaima pa msewu wa Metangula m'mawa, mudzaona kalole kobiriwira ka mzere wofiira kakukwera chitunda, mtsikana ali pa chiwongolero. Wapolisi akakaimitsa, iye amapereka livireti mtima uli m'malo, chifukwa chimene chalembedwa ndi chimene chikuoneka.

Ambirife tinagwapo mayeso, ndipo timadziwa manyazi oyenda m'mudzi aliyense akudziwa. Ena tinalakwitsa chinthu tikuganiza kuti tikuthandiza. Ngati muli pamenepo lero, musathamangire njira yachidule, ndipo musachite manyazi kufunsa amene akudziwa. Chimene chapakidwa molakwika chimapalika, ngakhale manja atuluke matuza. Palani, yambiraninso, ndipo osataya mtima.