Masiki Imene Sindinaponye Kuseri kwa Mpanda

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 7, pamene sukulu zinatsegulidwanso titakhala pakhomo miyezi yambiri chifukwa cha korona. Tinabwerera m'nyengo ya dzuwa loswa mtengo, ndipo pageti tinapeza lamulo latsopano likutidikirira: wopanda masiki asalowe. Aphunzitsi awiri ankaima pamenepo ndi ndowa ya madzi osamba m'manja, n'kumayang'ana nkhope imodziimodzi ngati akusankha tomato pamsika.

Ine masiki ndinali nayo, yosokedwa pamanja ndi amayi kuchokera ku chitenje chawo chakale, ndipo sindinkaiseweretsa. Kwathu ku Manje, m'nyumba ya zipinda ziwiri, munali adadi. Iwo anadwalapo chifuwa chachikulu ine ndili wamng'ono. Mankhwala anamwa, kuchira anachira, koma mapapo awo sanabwerere mwakale. Chimfine chimene ife chinkatha ndi madzi otentha a mandimu, iwo chinkawagoneka m'chipatala. Choncho m'mawa wa tsiku loyamba, amayi akundimanga zingwe kuseri kwa makutu, anandigwira chibwano nati, "Tiya, ukavula chimenechi kusukuluko, udziwe kuti wawavula adadi ako. Osabwereka, osabwereketsa. Wamva?"

Koma ana a m'tauni sitisowa njira. Anzanga ambiri analibe masiki. Ena inalipo imodzi banja lonse, ndipo inkapita ndi amayi awo kogulitsa. Ndiye kuseri kwa zimbudzi, kumene mpanda unali waufupi, kunayamba ntchito yake. Wina akadutsa pageti ankathamangira kumeneko, kukulunga kamwala m'masiki, n'kuiponyera kunja. Wakunjayo ankavala ikadali yofunda, kulowa mwaulemu ndithu, naye n'kukaiponyera wina. Inalipo ina yofiira ya madontho oyera imene inkalowa pageti kangapo m'mawa uliwonse osatulukapo n'kamodzi komwe. M'kalasi, momwe tinkadzaza mpaka pakhomo, okhala kumbuyo ankangokokera kolala ya yunifolomu pamphuno aphunzitsi akatembenuka.

Musatione ngati tinali ana amwano. Kwa ife kumeneko kunali kugawana, monga momwe tinkagawirana chigumu kapena kuyamwa filizesi imodzi anthu atatu. Tinakula tikumva kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo dzina loipitsitsa pabwalo la sukulu silinali wakuba. Linali waumbombo.

Tsiku lina la mayeso a masamu, ndikuchokera kuchimbudzi, ndinamva dzina langa kuseri kwa mpanda. Anali Tamandani, mnzanga wapamtima wa ku Misesa, amene tinkakhala moyandikana m'kalasi kuyambira Sitandade 3. Maso ake anali ofiira, mphuno ikuchucha.

"Tiya, ndiponyere yakoyo, changu! Belu lilira pompano."

"Amayi anandiletsa."

"Amayi ako ali pano? Ndikangolowa ndikubwezera."

Asanamalize anatsokomola, chifuwa chochokera pansi penipeni, mpaka kugwira mawondo. Dzanja langa linali litafika kale pachingwe cha khutu. Ndinkamukonda mtsikana ameneyu, ndipo ndinkadziwa kuti akaphonya mayeso kwawo kukhala ndodo. Koma chifuwa chakecho ndinachimva ngati chikulira m'chipinda chathu chija.

"Sindingathe, Tama."

"Chabwino," iye anatero. "Lero ndakudziwa."

Mwana wina anamuponyera yofiira ija. Tamandani analowa, masikiyo inapitirira kwa ena, n'kubwerera kwa mwini wake. Poti malo ena kunalibe, anakhala pambali panga monga mwa masiku onse, atandifulatira, akutsokomola mpaka mayeso kutha. Pa buleki nkhani inali itafala kale. Atsikana ankandidutsa atatseka pakamwa ndi manja monyoza, wina n'kumafunsa ngati masiki yanga inali yagolide. Ndinapita kuseri kwa kalasi n'kulira, kulira kwa mkwiyo, chifukwa ndinkaona kuti ndalangidwa pomvera.

Kumeneko ndi kumene anandipeza Madamu Makwinja, aphunzitsi athu a sayansi, mayi wamfupi amene tinkamuopa chifukwa sankakuwa. Anandifunsa chimene ndinkalirira. Sindinafune kuneneza munthu, koma pofotokoza za adadi, nkhani ya mpanda inatuluka yokha. Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiye ife pagetipo tikupsa ndi dzuwa kulondera nsalu imodzi?"

Ndinayembekezera ndodo kwa kalasi yonse, ndipo ine kudedwa mpaka kumaliza sukulu. Sizinatero. Tsiku lotsatira, chakumasana, anatitulutsa panja, kutiimika motalikirana, n'kuuza amene tinali ndi mamasiki kuti tivule tigwire m'kati mwake.

"Mwauma kapena mwanyowa?"

"Mwanyowa, Madamu."

"Madzi amenewo ndi a ndani?"

"Athu."

"Eya. Ntchito ya nsaluyi ndi imeneyo, kugwira zako kuti zisafike kwa mnzako. Ukam'patsa, wam'patsa ndi zonse zimene yagwira. Alipo pano amene amabwerekana mswachi?"

Tonse tinakuwa monyansidwa, ngakhale eni ake a kuseri kwa mpanda. Sanatchule dzina la aliyense. Anangofunsa funso limene panalibe wamkulu analifunsapo: ndani alibe masiki? Manja anakwera pang'onopang'ono, mwamanyazi, ndipo anali ambiri. Madamu anayenda okha kwa matelala a pamsika kupempha zidutswa za nsalu, anabwera ndi singano ndi ulusi, ndipo Lachisanu tinakhala pansi pa mtengo kusoka. Aliyense ziwiri, ina yovala, ina yochapa. Zinatuluka zokhota, zina zokoka makutu ngati zigwiriro za poto, koma aliyense anali ndi zakezake.

Tamandani pamtengopo panalibe. Anali chigonere kwawo. Posakhalitsa mwini wa masiki yofiira uja nayenso anasowa, kenako enanso a gulu lomwelo. Kaya inali korona kaya chimfine champhamvu, palibe anayezedwa, ndipo sindinganame kuti ndikudziwa. Chimene ndikudziwa ndi mantha amene ndinali nawo. Ndinali nditakhala phewa ndi phewa ndi wodwala mayeso onse. Masiku amenewo ndinkavala masiki ngakhale m'nyumba, ndinkadyera pakhonde, ndipo kukhosi kukangoyabwa pang'ono ndinkati basi ndadwala. Adadi ankandiseka kuti ndasanduka nesi wosalipidwa, koma ine ndinkamvetsera mpweya wawo mozemba. Sabata inatha, inanso inatha. Sindinadwale, ndipo iwo sanadwale.

Tamandani anabwerera ataonda, osandilankhula. Madamu anaziona. Anandiitana n'kundipatsa zidutswa ziwiri zotsala. "Iwe ndi amene unamumana," anatero, "ndiye iwe ndi amene umusokere." Ndinasoka mosamala kuposa zanga, amayi n'kundikonzera m'mphepete. Nditam'patsa analandira osathokoza. Koma Loweruka lake ndinangomuona akukwera njira ya kwathu, atavala imodzi mwa izo.

Anaima chapatali, kumapeto kwa bwalo, n'kupereka moni atagwira manja kumbuyo. Adadi anali pampando panja. Anayankha moniwo, n'kupuma, n'kupitiriza. "Ndiwe Tamandani? Pepa, mwana wanga. Mnzakoyu anakumana masiki chifukwa cha ine." Mawu ochepa amenewo anawatengera mpweya wambiri, ndipo Tamandani anaumva mmene unkalirira m'chifuwa mwawo. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Pamenepo anati, "Ukanandiponyera, bwenzi pano ndikuyenda ndi maliro pamutu." Tinalira tonse, kenako tinagula chigumu, aliyense chake.

Lero ndikamva anthu akutsutsana m'minibasi, ena akuti mamasiki m'sukulu sanathandize kanthu, ena akuti anapulumutsa ana, ndimaona kuti onse akunena za sukulu yathu. Lamulo la pageti palokha linkangoyendetsa chifuwa kuchoka pakamwa pena kupita pena. Linayamba kukhala ndi nzeru tsiku limene munthu wamkulu anasiya kuyang'ana nkhope n'kufunsa chifukwa chimene ana analibe nsalu. Kaya ine inanditeteza ndi nsalu ya amayi kaya ndi chisomo chabe, sindine dokotala. Koma ndinaphunzira kuti pali kumana kwina kumene kuli chikondi, ndiponso kuti womanayo asathere pa kukana, akatenge singano.

Madamu Makwinja anasamutsidwa ndisanawathokoze, ndipo zimenezo zimandipweteka mpaka lero. Ndikanakonda akanakhalapo chaka chatha pa chinkhoswe cha mkulu wanga. Adadi anaimirira n'kuvina nyimbo imodzi yathunthu, kenako anakhala pansi ali wefuwefu, akuseka. Amene anathamanga kukawatungira madzi anali Tamandani.