Zitsulo Zitatu za Agogo Anderea

Fungo la girisi wopserera likandipeza, ngakhale ndikungodutsa pagalaja, ndimawaona agogo anga aamuna, a Anderea, akutsika kuchokera kufakitale ya tiyi, malaya ali bii, choko chili m'thumba, masamba ofota atawamatirira m'tsitsi. Tinkakhala m'nyumba za antchito kumunsi kwa fakitaleyo, kufupi ndi Milange, ndipo mota yamagetsi yozunguza chikupizo chachikulu choumitsira masamba inkamveka mpaka kukhitchini kwathu. Ikamayenda bwino inkangolira ngati njuchi. Ikayamba kunjenjemera, madzi a mumtsuko ankachita timafunde, ndipo agogo ankasiya chakudya n'kunyamuka.

Ntchito yawo inali yothetsa kunjenjemerako. Sukulu sanaipondeko, koma ankangoika chikhatho pamota n'kudziwa kuti china chalakwika. Lamlungu lina titachoka ku Misa anationetsa pa gudumu la njinga yawo. Analizunguza, litaima analemba choko pansi, n'kumangirira kawaya mbali yam'mwamba.

"Mtima wa mota, chija chimazungulira m'katimo, ndi chimodzimodzi," anatero. "Mbali yolemera imathamangira pansi. Umawonjezera kachitsulo kopepukako mpaka uziima paliponse pamene wausiya."

Pamota ya fakitale anali atamangapo zitsulo zing'onozing'ono zitatu zoterozo.

Chaka chimene mphekesera za nkhondo zinachuluka, kunabwera injiniya watsopano wochokera ku Putukale, mnyamata woti ndevu zinali zisanakhwime. Atatsegula mota ija n'kuona zitsulozo, anaseka, akuti ndi zigamba zakumudzi. Analamula agogo kuti azichotse.

"Patarau, bwana wanga, tikazichotsa idzadzidya yokha, ipweteka anthu," anatero agogo, chipewa chili m'manja.

"Rapaz, chotsa!"

Rapaz! Mnyamata! Munthu wa imvi, wa zidzukulu, woti anayamba kugwira mota iye akukwawa! Agogo anazichotsa antchito onse akuona, n'kubwera nazo kunyumba m'thumba.

Masiku atatu mbale zinkagundana zokha pathandala. Tsiku lachinayi m'mawa, ndikusesa pabwalo, kunamveka phokoso ngati denga lagwa. Phiko limodzi la chikupizo linathyoka n'kuuluka, ndipo linakawapeza a Jowakimu, oyandikana nafe nyumba, atasenza dengu la masamba. Anamwalira asanafike nawo kuchipatala. Anasiya akazi awo, mai Roza, ndi ana asanu.

Injiniya uja sanachedwe. Anakauza mkulu wa posito, ofesi ya boma la atsamunda, kuti agogo anaiwononga dala motayo chifukwa ankagwirizana ndi anyamata a kuthengo omenyera ufulu. Asipayi, apolisi a bomalo, anadzawatenga masanasana. Ine ndi amayi tinawatsatira, tinaima kunja kwa mpanda, ndipo tinamva mbalamatodya, thabwa lobowolabowola lija, ikugwera m'zikhatho zawo. Mwa antchito onse amene anamva lamulo la injiniya ndi makutu awo, palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa. Ndikudziwa kuti ankaopa. Ndakula, ndikudziwa, koma mtima wanga sunawamvetsebe.

Manja anatupa ngati maungu, khungu linang'ambika, zikhadabo zina zinagwa. Mabala anapola, koma manjawo sanamvenso kanthu. Ankagwira chikho chotentha mpaka kutuluka matuza osadziwa. Ntchito inatha, nyumba anatilanda, tinasamukira kwa abale ku Mongue.

Patapita miyezi, kapitawo wa kufakitale anafika panjinga, thukuta lili kamukamu. Mota yatsopano nayonso inali kunjenjemera, ndipo injiniya anali atalephera.

"Madala, patarau akukufunani. Akuti zakale zija ziiwalike."

Agogo anatambasula manja awo pamaondo, zala zitapindika.

"Kamuuzeni kuti manja amene akuwafunawo anawasiya kuposito. Awa ndi ongodyera."

Kapitawo anayang'ana pansi, nakwera njinga yake.

Chimene chimandiwawa kuposa zonse ndi mai Roza. Anakhulupirira bodza lija. Tikakumana nawo pamsika ankalavula malovu, n'kunena mokweza kuti, "Awo ndi a kwa wakupha uja." Amayi ankafuna kuwayankha, koma agogo ankawaletsa. "Asiye. Akufuna munthu woti amukwiyire, ndipo mzunguyo sangamufike." Agogo ndi mai Roza anamwalira onse awiri osapatsana moni. Injiniya uja ufulu utayandikira anakwera ndege n'kubwerera kwawo, manja ake ali bwinobwino, ndipo ndikukhulupirira kuti anakalamba akudyetsa zidzukulu zake.

Abambo mfumu akamalalikira za kukhululuka ndimakumbukira kuti agogo anakhululuka, ine ayi. Lero zidzukulu za a Jowakimu zimagulitsa nyemba pamsika wa Milange, ndipo zikandiona zimayang'ana kumbali, poti zinauzidwa zomwezo. Sindizilambalala. Ndimaima pabenchi pawo, ndimapereka moni mokweza, n'kunena kuti, "Ndine mdzukulu wa a Anderea. Sanaphe agogo anu. Anachenjeza, anthu akumva."