Mng'alu Umene Unkamwa Madzi

Fungo la dothi lofiira likanyowa limandibwezera ku Khwethemule, kunyumba kwathu pamtsetse, pomwe tiyi wa esiteti ankathera. Pabwino ponse tiyi anatenga kalekale, ife tinkalima chopendekeka ngati mbuzi.

Chaka chimenecho, mvula isanayambe, kunachita chivomezi masana. Mbale zinalira pathandala, nkhuku zinabalalika, basi kwatha. Koma kumtunda kwa nthochi zathu nthaka inang'ambika, mng'alu wautali woti mkono wanga unkalowa mpaka m'chigongono. Munkatuluka kamphepo kozizira, konunkha ngati m'phanga, ndipo ine ndinkauopa.

Bambo anga ankakumba ngalande ku esiteti. Mvula itayamba kukokolola chimanga chathu, anatenga khasu n'kulozetsa madzi onse a m'munda mumng'alumo. Zinathekadi! Madzi ankalowa ndi mkokomo osatulukanso, chimanga chathu chili chiimire pomwe cha anzathu chinagona. Bambo ankandiitana akuseka, "Taona Esinati, phiri likumwa."

"Bambo a Esinati, madzi onsewa akupita kuti?" amayi anafunsa tsiku lina.

"Pansipo. Inu mukufuna chimanga kapena mafunso?"

Kenako chitseko chinayamba kukana kutsekeka. Nthochi zinaweramira kumunsi, kasupe wathu anafiira ngati tiyi wamkaka. Amayi anachonderera kuti tikayambe takhala kwa amalume ku Luchenza, koma bambo anati munthu sasiya munda m'dzinja.

Mvula inagwa mlungu wonse. Pa Sabata m'mawa tinapita kutchalitchi, bambo n'kutsalira kuti atsegule ngalande imene inatsekeka ndi zinyalala. Tili pakati pa nyimbo tinamva chiphokoso ngati lole ikukhuthula miyala, mabenchi n'kunjenjemera. Pobwerera sitinapeze nyumba, nthochi kapena chimanga. Panali dothi lofiira lokhalokha, kuyambira pamng'alu paja mpaka kumtsinje. Amuna a m'mudzi anakumba mpaka manja kutupa. Khasu analipeza, koma bambo ayi.

Akuluakulu ankati wadutsa Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri. Ine ndinkati phiri linali ndi ludzu, madzi atalikwana linafuna munthu. Lero ndikudziwa kuti mapiri athuwa anakwera chifukwa cha ming'alu yakuya imene imasunthabe pansi, komanso kuti dothi la pamtsetse likakhuta madzi limatsetsereka. Kudziwa ndikudziwa, inde. Koma mvula ikalimba padenga mtima umandiwawabe, ndipo ndimawamva bambo akundiitana, akuseka, kuti ndidzaone phiri likumwa.