Agogo a Mbewe ndi Magalimoto Oyera

Ndikangomva fungo la malata otentha pamakala, ngakhale ndili pakati pa phokoso la msika wa pa Kalomwe, ndimawaona agogo anga aamuna, a Mbewe, atakhala pa kachitsa, chidutswa cha njanji chili pakati pa miyendo yawo, kanyundo kakulira ngwe ngwe ngwe kuyambira mame asanakamuke mpaka nkhuku zitayamba kulowa. Anali osula malata. Masiku amenewo tinkakhala ku Dedza kumene tinathawira nkhondo, m'kanyumba kofolera udzu pakati pa tinyumba tambirimbiri ta anthu akwathu a ku Domwe, kutsidya kwa malire, ndipo agogo ankatola zitini zimene tinkalandiriramo mafuta ophikira, n'kuzidula, kuziwongola ndi kuzipinda mpaka zitasanduka makapu, tindowa ndi nyale za koloboyi. Utsi wa mtovu wosungunuka unkaluma m'maso, manja awo anali odzaza zipsera zazing'onozing'ono, ndipo zilembo zachilendo za pa zitinizo zinkatsalabe pa makapu athu.

M'nyumbamo tinalimo atatu: agogo, amayi anga amene anali mwana wawo yekhayo wotsala, ndi ine Rozalina. Abambo anga sindinawadziwe. Anaphedwa tsiku limene mudzi wathu unatenthedwa, ine ndili kumsana.

Pafupi nafe pankakhala a Lukasi, akatekista amene anaphunzira ku misoni ya Fonte Boa, munthu wamtali wokonda kuseka. Anali ndi wailesi yaing'ono yomanga ndi mphira, ndipo madzulo aliwonse ankabwera nayo pamalo osulira a agogo. Anthu awiriwa ankakondana kwambiri, koma sindikumbuka tsiku limene anagwirizana pa chinthu. Ine ndinali ndi zaka khumi, ntchito yanga inali kupepha moto, ndiye mikangano yawo yonse inkathera m'makutu mwanga.

Mkangano waukulu unabuka pamene wailesi inalengeza kuti akuluakulu a mbali zonse ziwiri za nkhondo asainirana mtendere, komanso kuti kubwera asilikali ochokera m'maiko akutali kudzaonetsetsa kuti mfuti zatulidwa. A Lukasi anafika akuthamanga, wailesi ili m'mwamba.

"A Mbewe, tikupita kwathu! Ulendo uno si lonjezo la anthu awiri ayi. Dziko lonse lapansi laikapo dzanja."

Agogo sanasiye kukhoma. "Abwera kudzalonda chiyani?"

"Kudzalonda ife. Mtendere wathu."

"Achoka liti?"

"Zonse zikakhala bwino."

"Adzanena ndani kuti zakhala bwino, ife kapena iwo?"

A Lukasi anakhala pansi n'kuseka. "Inu, mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ife tokha tinalephera kumetana, tinangochekana."

"Mlendo ndi mamenso," anatero agogo. "Sachedwa kukamuka."

Tsiku limenelo ndi pamene ndinamva koyamba mmene abambo anga anafera, chifukwa agogo anaika nyundo pansi n'kufotokoza ngati aiwala kuti ndilipo. Anati nthawi ya nkhondo kunabweranso asilikali a dziko lina loyandikana nafe. Ntchito yawo inali kuperekeza koluna, mdipiti wa magalimoto akuluakulu onyamula katundu pa msewu waukulu. M'mawa umene zigawenga zinalowa m'mudzi mwathu, agogo anathawira kumsewuko, nsapato palibe, ndipo anapeza koluna ikudutsa, asilikali ali pamwamba ndi mfuti zawo. Utsi wa mudzi unkaoneka bwinobwino kuchokera pomwepo. Anakuwa, analoza, anathamanga m'mbali mwa magalimoto mpaka mpweya kuwathera. Msilikali wina anawaponyera paketi ya mabisiketi. Palibe galimoto limene linaima.

"Sindikuwada ayi," anatero agogo. "Anawatuma kudzalonda msewu ndi katundu, ndipo analondadi. Ife sitinali katundu."

A Lukasi anati, "Awo anali ena. Awa akubwerawa alibe katundu kuno."

Tinabwererabe kwathu. Chakudya cholandira chinali chitayamba kuchepa, ndipo anthu a maofesi ankatiuza kuti tsopano ndife mfulu, aliyense atha kupita kwawo popanda giya, kalata yachilolezo ija imene kale munthu sankayenda popanda. Tinaoloka malire pa Kalomwe m'mwezi wa dzuwa loswa mtengo, agogo akukankha njinga yonyamula chidutswa chawo cha njanji, amayi atasenza mtolo, a Lukasi ndi mwana wawo wamwamuna Paulo akuimba nyimbo za tchalitchi njira yonse. Pamsewu tinaonadi magalimoto oyera mbee, m'katimo muli asilikali ovala zipewa za mtundu wa thambo. Ana tinkawabayibitsa, iwonso ankabayibitsa.

Kumudzi tinapeza zipupa zakuda zokhazokha ndi tchire lofika m'khosi. Ufulu umene anatiuza uja unali wopapatiza ngati mpita wa mbewa. Tinkayenda pokhapo pamene panadutsa kale mbuzi kapena munthu wina, chifukwa m'nthaka munali mabomba okwirira, amene tinkati mamina. Kupita kumadzi inali njira imodzi, kutchalitchi imodzi, ndipo mwana akapatuka phazi limodzi kuthamangitsa chiwala, ankamenyedwa ndi aliyense wamkulu amene wamuona.

Mitambo itayamba kusonkhana, agogo ndi a Lukasi anayenda ulendo wa tsiku lathunthu kupita kumene alendo aja anamanga matenti, kukapempha kuti adzaone minda yathu. A Lukasi ndi amene analankhula, poti ankadziwa Chipwitikizi. Anawalandira bwino, anawapatsa mipando ndi madzi ozizira, n'kuwauza kuti ntchito yawo ndi misewu ndi malo otulirako mfuti, za minda kudzabwera gulu lina, anthu adikire.

"Tidikire," anatero a Lukasi pobwerera. "Alonjeza."

"Mvula mwaiuza kuti idikire?" anafunsa agogo.

Mbewu tinali nayo, koma ufa m'nyumba unali utatsala wa milungu yochepa. Agogo anasula waya wautali wosongoka, ndipo kwa masiku anayi ankalowa okha m'munda wathu wakale, chokwawa, akubaya nthaka mopendeketsa pang'onopang'ono, n'kumazika timitengo m'mbali mwa pamene ayeretsa. Tsiku lachisanu anatilola kulowa ndi makasu. Anatilozera timitengo tija n'kunena kawiri kuti tisadutse.

Kumapeto kwa mundawo, kunja kwa timitengo, kunali mtengo wa mapichesi umene abambo anga anadzala chaka chimene anakwatira amayi. Unali utapulumuka moto, ndipo unali ndi zipatso zazing'ono zosapsa. Ndinawaona amayi akuuyang'ana m'mawa wonse. Dzuwa litafika pamutu anaika khasu pansi n'kunena kuti, "Ndingougwira chabe." Panali mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi basi.

Kuphulikako sindikukukumbuka ngati phokoso. Ndimakumbuka dothi likundigwera m'tsitsi ngati matalala, makutu atatseka, ndi fungo lowawa ngati la machesi ambiri oyaka pamodzi. Agogo anadutsa timitengo tawo tomwe osayang'ana pansi. Anawakoka amayi, n'kumanga mwendo pamwamba pa bondo ndi mphira wa njinga, ndipo Paulo atafika anathandizana kuwagoneka pa chitseko. Ananyamula awiriwiri ndi anthu ena mpaka kumsewu waukulu, ine ndikuthamanga pambuyo ndi chitenje cha amayi m'manja.

Tinadikira nthawi yaitali. Amayi anali atasiya kulira, milomo itayera. Galimoto loyera loyamba linatulukira, anthu anakuwa ndi kugwedeza manja, koma linadutsa, fumbi lokhalokha. Lachiwiri litaonekera chapatali, agogo analowa pakati pa msewu n'kugwada. Munthu amene sankagwadira ngakhale apadiri a kutchalitchi anagwada pa miyala yotentha, manja ali m'mwamba, malaya ali magazi okhaokha, ndipo sanasunthe pamene galimotolo linkayandikira. Linaima pafupi kwambiri moti fumbi linawaphimba.

Anatsika msilikali wakuda ngati ife, koma wosamva chilankhulo chathu. Anakangana ndi mnzake wa pa chiwongolero m'chilankhulo chawo, mnzakeyo akuloza wotchi ndi kachiwailesi ka m'galimoto. Kenako anangotsegula kumbuyo, n'kuwanyamula amayi yekha ngati mwana. Anawabaya jakisoni, anatikweza ine ndi agogo, ndipo njira yonse ya ku Ulongwe anagwira botolo la madzi olowetsa m'mitsempha m'mwamba. Atatifikitsa kuchipatala anachoka osatiuza dzina lake.

Amayi anachira, koma mwendo anaudula. Munda uja sitinaulimenso chaka chimenecho. Tinadya gaga wopempha ndi masamba a m'mbali mwa njira. Gulu lochotsa mabomba linadzabweradi patapita zaka, ine nditayamba kale kumera mawere, ndipo m'munda mwathu linapezamo ena awiri, limodzi m'kati mwa timitengo ta agogo.

A Lukasi sanadzitame kuti alendo awo ndi amene anapulumutsa amayi. Ankabwera ndi wailesi yawo monga kale, koma ankaitsegula motsitsa. Chisankho chinachitika, anthu anavina, ndipo pasanapite nthawi magalimoto oyera anayamba kuchepa pamsewu mpaka tsiku lina tinangozindikira kuti kulibenso. Wailesi inati ntchito yatha bwino.

Mfuti zonse sizinatulidwe. Aliyense ankadziwa kuti zina zinakwiriridwa m'mapanga ndi pansi pa nkhokwe. Chaka chotsatira, nthawi yokumba mbatatesi, Paulo ananyamula matumba awiri pa njinga kukagulitsa ku Kalomwe. Pobwerera masana, anthu atatu anamutchingira pa kamlatho ka mitengo. Anamuwombera chifukwa cha njingayo. Anali ndi zaka makumi awiri, ndipo anali atangotomera kumene.

Pa maliro a mwana wawo, a Lukasi analephera kutsogolera nyimbo. Patapita masiku atatu anabwera kwa agogo, wailesi alibe, n'kukhala pansi pafupi ndi moto. Ine ndinali ndikusenda nyemba pakhonde ndi amayi.

"A Mbewe," anatero, "munanena zoona. Ine ndinanamiza anthu. Ndinamuuza Paulo kuti msewu wayera."

Agogo anatembenuza chitini chimene chinali m'manja mwawo kangapo.

"Musatero, a Lukasi. Ine ndi nzeru zangazo ndinalowetsa mwana wanga m'munda wa mabomba. Amene anamufikitsa kuchipatala ndi anthu anu aja. Ndikanakhala kuti ndinanena zoona zokhazokha, bwenzi Nambewe ali kumanda."

"Nanga tikanatani?"

"Sindikudziwa. Kudikira kunali njala, kusadikira kunali mwendo. Akanapanda kubwera mwina tikanaphanabe mpaka lero. Abwera, achoka, tikuphanabe pang'onopang'ono. Chimene chimandiwawa ine n'choti pobwera sanatifunse, pochokanso sanatifunse."

Anakhala awiriwo mpaka makala anazima. Kuyambira tsiku limenelo sindinawamvenso akukangana. Agogo anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi. Anawasulira amayi ndodo yachitsulo yokhala ndi mphira kunsi, ankawatungira madzi ngati mkazi anthu akuwaseka, ndipo sanalowenso m'munda uja ngakhale utayeretsedwa. Anamwalira ndi chifuwa m'nyengo yozizira, a Lukasi atawagwira dzanja.

Lero ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa mbatatesi ndi nyemba pa Kalomwe. Mwana wanga woyamba, Tomasi, analowa usilikali, ndipo anamutumiza kumpoto kwa dziko lathu kumene kwabukanso nkhondo, kumenenso kwabwera asilikali a maiko ena. Pamsika nkhani imeneyi siitha. Osintha ndalama amati alendowo atithandiza, popanda iwo matauni onse akanagwa. Oyendetsa malole amati abwera kudzalonda chuma cha pansi pa nyanja, osati anthu. Wina amati dziko loitana alonda akunja si laufulu, wina n'kuyankha kuti munthu wakufa alibe ufulu. Akandifunsa ine, poti akudziwa kuti mwana wanga ali konko, ndimangofunsa kuti abwera kudzalonda chiyani ndipo achoka liti, ndipo palibe amene amandiyankha.

Koma sindinganame, mumtima sindifuna kuti achoke mwana wanga asanabwere. Tomasi anaimba foni komaliza milungu isanu yapitayo, mawu akudukaduka, n'kunena kuti akuwasamutsira kutchire kumene kulibe netiweki, ndisade nkhawa. Amayi, amene tsopano akalamba ndipo sayendanso, amandifunsa tsiku lililonse ndikamaweruka ngati waimba. Ndimawauza kuti ayi, sanaimbe, n'kuwakhazika bwino pa mkeka, kenako ndimapita kukaika foni pa moto kwa aneba kuti mawa isadzazime.