Dothi la ku Linga

Nyumba ija tinkaitcha Linga. Inali kupitirira mashedi a sitima ku Railways, chinyumba cha miyala chokhala ndi nsanja, chomangidwa ndi mzungu wina wa pamgodi amene ankadziona ngati mfumu. Ine ndinkadana nayo ndisanalowemo n'komwe.

Atate anandipempha kuti ndiwaperekezeko m'zaka zija ndege za ku Rodeshiya zinkatiopseza, aliyense akuona mnzake ngati kazitape. Anali atapuma ntchito pamgodi, akukonzeka kubwerera kwawo ku Dedza. Koma akanapita bwanji okha? Mng'ono wawo anatsala ku Linga. Pa nkhondo yaikulu ya azungu, anyamata olembedwa usilikali ankawatsekera mmenemo podikira sitima, kuopa kuti angathawe. Mng'ono wawoyo anafera momwemo ndi kamwazi, namukwirira kuseri ngati galu, wopanda womulira. Kwathu wofera kutali timamutengera dothi la pamanda pake kuti mzimu ukafike kumudzi.

Tinalowa dzuwa lili paliwombo. Denga linali litagwa kale, paliponse fungo la mileme ndi mikodzo ya zidakwa. Atate anandionetsa chipinda chapansi, kazenera kake kosakwana ndi mutu womwe. "Ndinkamupatsira chinangwa apa," anatero. Ndinalavula.

Kuseri, pansi pa mkuyu, anagwada n'kuyamba kukumba ndi zala. Anaika dothi pa kansalu koyera akunong'ona, "Tiye kwathu, mphwanga."

Basi anyamata a chipani atatu tulukiru, zibonga m'manja.

"Iwe mudala, ufuna chani kuno?" anakuwa wamkulu wawo, mwana woti ndikanamubereka kumsana. "Manyasa imwe obwera ndimwe muonetsa ndeke poponya mabomba!"

Atate anafotokoza mwaulemu, chipewa chili m'manja. Mpamene anaonjeza moto! Wina akuti kazitape, wina akuti mfiti. Anawalanda kansalu, kukhuthula dothi lonse, kulipondaponda ndi nsapato. Ndinawatukwana mpaka agogo awo, ndipo sindinalapepo. Anatikankha mpaka kumsewu, akuti tikadzapondanso tikagona kupolisi.

Njira yonse yobwerera kunyumba ku Bwacha Atate anayenda manja atawafumbata pachifuwa. Ine ndinawapsera mtima iwonso. Munthu wamkulu kungoti zii, tiana tamamina tikumunyoza!

Kunyumba Amayi anabweretsa beseni kuti Atate asambe m'manja, adye nshima. Anakana. Anaitanitsa kamtengo ka machesi ndi mpango woyera wa Amayi wa kutchalitchi. Anakhala pakhonde, n'kuyamba kutokosa m'zikhadabo, chala chimodzichimodzi. Tinyenyeswa tofiira tinagwera pampango, tosadzaza ngakhale nsonga ya sipuni.

Anamanga mfundo.

"Amake mwana," anatero, "yalani mphasa ina. Mlamu wanu wabwera."